Momwe mungayezere ngati kutsika mtsetse pa nyutulo kumapulumutsa mafuta m'galimoto ya otomatiki

Ambiri mwa ife amene tinaphunzira kuyendetsa galimoto kumudzi tinabwera kuno ku Joni ndi chizolowezi chimene tinachitengera kwa madalaivala a minibasi, chakuti ukafika pa mtsetse uchotse giya, galimoto iyende yokha, mafuta asamwedwe. Nthawi ya injini za kabuleta nzeru imeneyi inali ndi phindu, chifukwa kabuleta ankapitiriza kukoka petulo ngakhale phazi utalichotsa pamoto. Koma masiku ano achimwene ambiri akuyendetsa Golf GTI, Audi S3 kapena BMW 340i za otomatiki, ndipo ena akukankhirabe ndodo ya giya pa N (nyutulo) akamatsika msewu wa M1 kuchokera m'tauni kulowera ku Sandton. M'galimoto zotere chizolowezicho kawirikawiri chimamwetsa mafuta ochulukirapo, ndipo mungathe kudzionera nokha popanda kupita kwa makaniko.

Muyambe mwamvetsa zimene injini imachita. Galimoto zamakono zimapopera petulo kudzera m'ma injector, timipopi tothira petulo mu injini timene timalamulidwa ndi kompyuta. Galimoto ikakhala m'giya, ikuyenda, inu n'kuchotseratu phazi pamoto, matayala ndi amene amazungulitsa injini, choncho kompyuta imatseka ma injector onse ndipo palibe dontho la petulo limene limalowa. Imawatsegulanso muvi wa RPM, woonetsa liwiro limene injini ikuzungulira, ukatsika kuyandikira 1,000, kuopera kuti injini ingazime. Mukaika pa N mwalekanitsa injini ndi matayala, ndiye kuti injiniyo iyenera kudzizungulitsa yokha ndi mafuta, monga imachitira mukaima pa maloboti.

Musanayese, yendani kaye mphindi khumi kapena kupitirira kuti injini itenthe, makamaka m'mamawa a June ndi July pamene kuno kumagwa chisanu, pakuti injini yozizira imamwa mafuta mwa njira ina ndipo galimoto zina sizitseka ma injector mpaka zitatentha. Zimitsani ekoni, yoziziritsa mpweya m'galimoto. Kenako sinthani zolembedwa za padashibodi kuti zionetse mafuta amene galimoto ikumwa pa nthawi yomweyo, osati chiwerengero cha ulendo wonse. Nambala yake imalembedwa mu l/100km, kutanthauza malita pa makilomita 100, ndipo imadumphadumpha mukamaponda moto.

Sankhani mtsetse wautali nthawi imene msewu uli wopanda piringupiringu. Lamlungu m'mawa ndi nthawi yabwino. Johannesburg anamangidwa pa mtandadza wa Witwatersrand, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja ya mchere, motero mitsetse siisowa: kutsika kuchokera ku Northcliff, Munro Drive ku Houghton, kapena zigawo zambiri za N1 ndi N3. Giya ikhale pa D, posankhira kayendedwe ka galimoto pakhale pa Normal kapena Comfort. Mukafika pa liwiro lololedwa pamsewuwo, chotsani phazi lonse pamoto, ndipo wokwera naye ayang'ane nambala ija m'malo mwa inu. Pakangopita kamphindi idzagwera pa 0.0 n'kukhazikika pomwepo mpaka mutapondanso moto.

Za nyutulo sizifuna kuyesera mumsewu. Imani pamalo abwino, ikani pa P kapena N injini ikulira, ndipo onani dashibodi. Galimoto za Volkswagen ndi Audi zikaima zimasintha zokha n'kuonetsa malita pa ola. Injini ya malita awiri yotentha bwino imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola kapena kucheperapo pang'ono, pamene ya masilinda sikisi kapena eyiti imapitirira pamenepo, ndipo mukayatsa ekoni mudzaona nambala ikukwera. Mlingo umenewo ndi umene mumawotcha mukamatsika mtsetse pa N. Tiyerekeze kuti ndi lita imodzi pa ola ndipo petulo ali pa R22: mphindi imodzi ya nyutulo yadya mamililita 17, amene ndi masenti osakwana 40, pamene m'giya simunawotche kalikonse. Ndalamayo ndi yochepa, inde, koma ikulowera kotsutsana ndi kumene mwini galimoto akuganiza.

Okonda nyutulo ali ndi mfundo imodzi yoona imene sitiyenera kuibisa. Galimoto ikakhala m'giya injini imaigwira, liwiro limatsika msanga, ndipo pa mtsetse wosatsetsereka kwambiri mumakakamizika kupondanso moto kuti musachedwetse anzanu. Pamalo otere kuyenda mosagwiridwa ndi injini kungapulumutse pang'ono. N'chifukwa chake opanga galimoto anaika nzeru imeneyi mu kompyuta: BMW ikakhala pa Eco Pro imalekanitsa yokha injini ndi matayala pa liwiro la pakati pa makilomita 50 ndi 160 pa ola, ndipo ma Volkswagen ambiri a giyabokosi ya DSG amachita chimodzimodzi pa Eco. Kusiyana kwake n'kwakuti mukangokhudza buleki kapena moto, kompyuta imabwezera giya yoyenera nthawi yomweyo, mofanana ndi liwiro la matayala, chinthu chimene dzanja la munthu silingachite. Ngati poyesa paja munaona muvi wa RPM ukugwa pansi koma nambala osafika pa 0.0, onani ngati galimoto sinali pa Eco.

Chifukwa china chimene nambala ingakanire kufika pa 0.0 ndi chofala kwambiri mu GTI zogula kwa munthu. Anyamata a kuno amakonda phokoso lija amati vrrr pha, ndipo ena amalipira kuti kompyuta isinthidwe, ekizozi iziphulika akachotsa phazi pamoto. Kuphulikako ndi petulo amene akupitiriza kupoperedwa pa nthawi imene ma injector anayenera kutsekedwa, ndipo amakapsera mu ekizozi, kumene amawononganso catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Galimoto yotere muibwezeretse kaye mwakale musanadandaule za mafuta.

Gawo limene linandivuta ine ndi lotsimikizira zonsezi ndi thanki, pakuti dashibodi nayo imatha kunama pang'ono. Njira yake imamveka yosavuta: dzazani thanki, fufutani makilomita a ulendo kuti ayambire pa 0, yendani mwa nthawi zonse, dzazaninso, kenako gawani malita ndi makilomita n'kuchulukitsa ndi 100. Vuto n'lakuti kuno ku South Africa sitimwetsa tokha mafuta, amatithirira ogwira ntchito pagalaja, ndipo aliyense ali ndi dzanja lake. Wina amasiya pampu ikangodumpha koyamba. Wina amapitiriza kukanikiza pang'onopang'ono, nthawi zina mpaka kugwedeza galimoto ndi bondo, kufuna kuti ndalama ithere pa nambala yosavuta kuwerengera. Pa galaja ina imene sindiitchula, wothira mafuta anadzaza mpaka petulo anaoneka kukhosi kwa thanki, pamene ulendo wapitawo mnzake anasiyira pa kudumpha koyamba, ndipo malita owonjezerawo anachititsa kuti ziwerengero zanga zionetse ngati kuyenda m'giya kukumwa mafuta ambiri. Pa ulendo wa makilomita 300, kusiyana kwa malita awiri kumasuntha yankho ndi pafupifupi 0.7 pa makilomita 100 aliwonse, zimene zimakwirira zonse zomwe mumafuna kuyeza.

Choncho muzipita pa galaja imodzimodzi, pampu imodzimodzi, galimoto itayang'ana mbali imodzimodzi, chifukwa pansi pa magalaja ambiri ndi popendekeka ndipo mpweya umatsalira mu thanki mosiyana. Muuzeni wothira mafuta mwaulemu musanayambe kuti pampu ikadumpha asiyire pomwepo, ndipo mutsike muime pafupi, pakuti akakhala ndi galimoto zitatu nthawi imodzi amaiwala. Kam'manja kamene timawapatsa musakadule chifukwa cha zimenezi. Sungani malisiti ndipo mulembe makilomita kumbuyo kwake. Musaweruze ndi thanki imodzi, chifukwa sabata imodzi ya mizere ya galimoto pa mphambano za misewu ikuluikulu za Gillooly's kapena Buccleuch imasokoneza chiwerengero kuposa mitsetse yonse pamodzi. Musavutikenso kuzungulira kufunafuna petulo wotchipa: boma ndi limene limaika mtengo wa petulo, umasintha Lachitatu loyamba la mwezi, ndipo ndi wofanana m'magalaja onse a dera limodzi. Dizilo yekha ndi amene amasiyana galaja ndi galaja. Pa nkhani ya petulo wa 93 ndi wa 95, tsatani zimene zalembedwa mkati mwa kachitseko ka thanki. Injini za turbo zothamanga nthawi zambiri zimafuna 95, ndipo musasinthesinthe muli pakati poyeza.

Amene akufuna kuona zambiri angagule kachipangizo ka OBD2 kolowetsa pansi pa chiwongolero, kamene kamatumiza nkhani za injini ku foni kudzera pa Bluetooth. Tambiri totchipa tolembedwa ELM327 timene tadzaza m'mashopu a m'tauni ndi pa intaneti ndi tongotengera, tina timaduladula, tina timamaliza batire mukatisiya usiku wonse, choncho muzikazula mukamaliza. Chenjerani ndi tina tofanana nato timene amatitsatsa kuti timachepetsa kamwedwe ka mafuta mukangolowetsa. Amene anatitsegulapo anapezamo timagetsi tothwanima basi.

Ngakhale nyutulo ikanapulumutsa masenti, giyabokosi ndi mabuleki sizikanavomera. Pampu ya oyilo wa giyabokosi imazungulitsidwa ndi injini, ndiye pa N imayenda pang'onopang'ono pamene zitsulo za mbali ya matayala zikuthamanga. Pobwezera pa D muli pa liwiro, ma clutch a mkati ndi amene amalandira kusiyana konseko, ndipo kukonza giyabokosi ya DSG kapena ya ZF ya magiya 8 kumadya ndalama zimene mafuta a zaka zambiri sangabweze. Dzanja likaphonya n'kufika pa R, kapena mukafuna kuthawa lole imene ikulowa mumzere wanu pamene injini siili yolumikizidwa, nkhani imakhala ina. Pa mtsetse wautali ngati Van Reenen's Pass mumsewu wa ku Durban, kapena wa ku Chikwawa mukafika kwathu, galimoto ya pa N imadalira mabuleki okha, amene amatentha mpaka mafuta ake kuwira ndipo chopondera chimalowa pansi osagwira. Pamenepo tsitsani giya ndi timapiko ta kumbuyo kwa chiwongolero kapena ikani pa S, injini igwire galimoto. Ma injector amakhalabe otseka ngakhale injini ikulira kwambiri. Kuzimitsa injini pa mtsetse kokha musayerekeze, pakuti mabuleki amauma mukangoponda kangapo. Pamayeso a laisensi a kuno, otchedwa K53, nawonso kuyendetsa galimoto itachotsedwa giya kumadulitsa mamalikisi.

Zotsalazo ndi zachidule. Yang'anani patali, ndipo mukaona maloboti ofiira kapena mzere kutsogolo chotsani phazi msanga, galimoto ifike yokha ili pa D. Mumsewu waukulu wopanda zitunda ikani pa Eco kuti kompyuta isankhe yokha. Sport isungeni ya masiku ena. Pimani mpweya wa matayala asanatenthe, malinga ndi kapepala ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Oyilo wa ma DSG ambiri a ma clutch onyowa (oyenda mu oyilo) amasinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse, mafuta a mabuleki pa zaka ziwiri, ndipo makaniko akuonetseni botolo la oyilo amene akuthira asanalitsegule.