Kujambula filimu ya mnyamata wolowa m'zaumbava mu Mzuzu: lenzi, kuwala ndi mawu

Filimu ya mtundu umenewu imasenza nkhani ziwiri pamutu umodzi. Yoyamba ndi ya mwana amene akukula: ndevu zayamba kumera, fizi ikuvuta, kunyumba akumuyesabe mwana pomwe kunja anzake anamutenga kale ngati bambo. Yachiwiri ndi ya umbava: foni yobedwa, ngongole kwa bigi wa m'dera, apolisi, khamu lokwiya. Woonera ayenera kuzindikira m'mphindi zisanu zoyambirira kuti akuonera zonse ziwiri, ndipo chomuuza si zolankhula za osewera ayi. Ndi pamene mwaimika kamera, kuwala kumene mwasankha, ndi zimene khutu likumva.

Chimene chimapha mafilimu ambiri oterewa n'kujambula nkhani yonse mofanana. Mnyamata akusintha, koma kamera ikumuona monga inamuonera tsiku loyamba. Kamera iyenera kukula naye, n'kuwonongeka naye limodzi.

Tiyerekeze kuti nkhani yanu ndi ya mnyamata wa Fomu 3 wa ku Chibavi amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, n'kuyamba kutumikira bigi, mkulu wina wogula mafoni obedwa pa depoti.

Gawani nkhani patatu musanakhudze kamera

Tengani pepala, mulembe mizati itatu: asanalowe, akukoma nazo, zitamutembenukira. Pansi pa mzati uliwonse lembani zinthu zinayi: lenzi, mmene kamera igwiridwire, mtundu wa kuwala, ndi mawu omveka kumbuyo. Pepalali likhale m'thumba la wojambula masiku onse. Popeza simujambula motsata ndondomeko ya nkhani, mungajambule scene yomaliza m'mawa ndi yoyamba masana. Popanda pepalali magawo atatuwa amasakanikirana ndipo pa editing, polumikiza shoti pa kompyuta, simungawalekanitsenso.

Lenzi ndi kaimidwe ka kamera

M'gawo loyamba gwiritsani lenzi yotambasula, 24mm kapena 35mm, kamera ili pa tripod, choimikira cha miyendo itatu. Ngati kamera yanu ndi ya sensa yaing'ono ya APS-C, chulukitsani nambala ya lenzi ndi 1.5 kapena 1.6: lenzi ya 16mm ikupatsani pafupifupi zimene 24mm imapereka pa kamera ya sensa yaikulu ya full frame. Apa mnyamata aoneke pakati pa anthu ake. Mayi akukoleza mbaula, mlongo wake akubwera ndi chigubu kuchokera pa kiosk ya madzi, anzake akumenya mpira wachikulunga kumapeto kwa msewu, onse m'shoti imodzi, ndipo kumwamba kuoneke. Mzuzu ndi wa zitunda ndi madambo, choncho kuchokera pamtunda mungaonetse madenga a malata akutsetserekera kudambo, mapiri a Kaning'ina ali chapatali. Shoti yotere imanena kuti mwanayu akadali ndi njira zambiri.

Kamera ikhale pa msinkhu wa maso a mnyamatayo, osati a wojambula. Kusiyana kwa masentimita 20 kokha kumasintha nkhani: akuluakulu amaoneka atali monga iye amawaonera. Bigi akamalowa koyamba, tsitsani kamera pang'ono kuti aoneke wamphamvu, koma osachita kuigoneka pansi, chifukwa zikatero amaoneka ngati wa m'vidiyo ya nyimbo ndipo woonera amayamba kumusirira m'malo momuopa.

M'gawo lachiwiri chotsani kamera pa tripod, muiike paphewa, muzitsatira mnyamatayo chakumbuyo pa mtunda wa mita imodzi kapena iwiri akamadutsa m'tinjira ta msika wa Zigwagwa kapena pakati pa ma minibasi. Khalanibe pa 24mm mpaka 35mm. Lenzi yaitali imakuza kugwedezeka kulikonse, ndipo woonera amachita chizungulire. Musagwedeze kamera mwadala. Pindani mawondo pang'ono, zigongono zikhudze nthiti, mupume pang'onopang'ono. Kugwedezeka kotsalako n'kokwana. Gimbal, chogwirira choletsa kamera kugwedezeka, imasalaza kwambiri, imachotsa mantha, choncho isungireni mphindi imodzi yokha, monga tsiku limene mnyamatayo wagula nsapato zake zoyamba pa kaunjika ndi ndalama zakuba ndipo akuyenda ngati tauni yonse ndi yake.

Gawo lachitatu ndi la 50mm mpaka 85mm. Lenzi zimenezi zimapanikiza mtunda, zakumbuyo zimayandikira, makoma amaoneka ngati akumugwera. Chotsani kumwamba m'chithunzi. Muikeni kuseri kwa zitsulo za pawindo, pakati pa zitseko, pansi pa khonde, ndipo mumusiye m'mphepete mwa chithunzi akuyang'ana kumene kulibe mpata. Close-up, shoti yapafupi ya nkhope, musaimwaze. Mukaigwiritsa pa zokambirana zilizonse kuyambira pachiyambi, tsiku limene mayi adzapeza mafoni atatu pansi pa mphasa simudzakhalanso ndi shoti yolemera kuposa zinazo.

Kuwala kwa Mzuzu

Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo m'miyezi ya June ndi July m'mawa mumagwa nkhungu ndi mawawa. Ena amalipira ndalama zambiri kubwereka makina a utsi kuti apeze chimene inu mwapatsidwa ulere. Nkhungu imafewetsa kuwala, imabisa zakutali, ndipo munthu wotulukira m'menemo amaoneka ngati chithunzithunzi asanaoneke nkhope. Vuto lake, siidikira munthu. Ikhoza kuyera muli pakati pa scene, shoti ziwiri zoyandikana n'kusiyana ngati masiku awiri. Yambani ndi shoti zotambasula nkhungu ikadalipo, ma close-up mumalizire, chifukwa pafupi ndi nkhope kusintha kwa kumbuyo sikuoneka kwambiri. Nyamulani kansalu kopukutira lenzi ndi ambulera ya kamera. Timadontho ta mawawa sitioneka pa sikirini yaing'ono, mumakatiwona pa kompyuta zitatha.

Mu June dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo chisisira chimatha m'mphindi 20 kapena 25 basi. Imeneyi ndi nthawi yabwino koposa ya shoti za usiku zotambasula, pamene kumwamba kukadali kobiriwira ngati buluu koma mababu ayaka kale. Yesezani zonse kuyambira 4 koloko, kuti nthawiyo ikafika mungojambula. Shoti ziwiri kapena zitatu, zakwana.

Magetsi a m'Malawi ndi a 50Hz. Ikani kamera pa mafelemu 25 pa sekondi ndi shutter (nthawi imene felemu iliyonse imalandira kuwala) ya 1/50, kapena 1/100 ya sekondi. Mafoni ambiri amabwera ali pa mafelemu 30 pa sekondi, ndipo mukajambula m'golosale kapena pa bala pamatuluka mizere yoyenda kapena kuthwanima kovuta kuchotsa. Pa foni ikani pulogalamu yolola kusintha zimenezi, monga Blackmagic Camera imene ndi yaulere. Masana shutter ya 1/50 imalowetsa kuwala kochuluka, choncho mufunika ND filter, galasi lodera lochepetsa kuwala kolowa mu lenzi.

White balance, imene imauza kamera mtundu wa kuwala kwa pamalopo, muiike nokha, osaisiya pa auto: nambala ya K yotsika ndi ya kuwala kwachikasu kofunda, yokwera ndi ya koyera kozizira. Masana ndi 5600K, babu lachikasu lakale ndi 3200K kapena kucheperapo, koloboyi ndi kandulo zili pafupi ndi 1900K, pomwe mababu ambiri a LED otchipa ali cha pa 6500K ndipo ena amakokera ku girini. Kusiyanaku ndiye chida chanu. Kunyumba kwa mayi kukhale kofunda, kwa kandulo ndi makala a mbaula. Kwa bigi kukhale kwa LED yoyera yozizira, babu limodzi lolendewera pamwamba, maso akulowa mumthunzi. Nkhani ikamapita, kuwala kozizirako kuyambe kulowa m'nyumba ya mayi, mwina kudzera pa sikirini ya foni yobedwa ikuwalira nkhope ya mnyamatayo m'bulangete. Woonera sadzatchula chimene chasintha, koma adzachimva.

Usiku si mdima wa bii. Khungu lakuda limakongola likamanyezimira, osati likamenyedwa ndi tochi pamphumi. Walitsani nyali pa nsalu yoyera kapena pa khoma la laimu kuti kuwala kubwerere kofewa kuchokera m'mbali, kenaka muike nyali ina yaing'ono kumbuyo kwa wosewera kuti mapewa ndi mutu zisiyane ndi mdima. Mafuta pang'ono pa masaya amathandiza. Akachuluka amaoneka ngati thukuta. Mukakweza ISO, nambala yowalitsira chithunzi mumdima, mopitirira mmene kamera yanu imathera, mdima umadzaza timachenga, choncho yesani kamerayo usiku umodzi musanayambe, mudziwe malire ake. Kuthira madzi pamsewu kumabweza kuwala kwa magalimoto ndi chiwaya cha tchipisi.

Scene ya kuba pa depoti

Apa mitundu iwiri ya nkhani ija imakumana, ndipo pofunika kudekha. Filimu ya umbava wamba imaonetsa luso la wakuba. Yanuyi ionetse mantha a mwana.

Yambani ndi shoti yotambasula imodzi kuti woonera adziwe pali khomo la minibasi, pali mayi wa foni m'thumba la chikwama, pali bigi ndi pothawira. Akapanda kudziwa malo, sadzaopa chilichonse. Kenaka jambulani maso a mnyamatayo, chimene akuona, n'kubwereranso pa maso. Dzanja lake lionekere pafupi likunjenjemera, likupita, likubwerera, likupitanso. Wobedwayo mum'patse nkhope ndi kanthu kamodzi komusonyeza kuti ndi munthu, monga mwana kumbuyo kapena chiphaso cha kuchipatala m'manja. Mukamujambula chakumbuyo kokha, mwauza woonera kuti kubako kulibe wolira.

Pothamangitsana, sankhani mbali. Ngati akuthawa kuchokera kumanzere kupita kumanja, omuthamangitsa nawonso apite kumanja m'shoti zonse. Mukasintha mbali imeneyi, pa editing adzaoneka ngati akuthamangira kukakumana nawo. Masana mungakweze shutter kufika 1/200 kuti kuyenda kuoneke kodukaduka. Shoti zikhale za sekondi imodzi kapena ziwiri. Koma akangobisala kuseri kwa chimbudzi kapena m'chimanga cha kudambo, lekani kudula. Siyani kamera pa nkhope yake masekondi 30 kapena kuposerapo, akupuma wefuwefu, foni ikulira m'manja mwake, pa sikirini palembedwa dzina la mwana wa mayi wobedwa uja. Shoti imeneyi ndi imene imabweza filimu ku nkhani ya kukula.

Mawu

Anthu amapirira chithunzi chofooka, koma mawu oipa amatseka filimu. Maikolofoni ya boom, yomangirira kunsonga kwa ndodo yaitali, ikhale masentimita 30 mpaka 60 kuchokera pakamwa, pamwamba pa chithunzi, italoza pachifuwa. Pa chojambulira mawu sankhani 48kHz, mawu okwera afike cha pa -12dB kuti wina akakuwa asaphwanyike. Ombani m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera pa shoti iliyonse kuti mudzalumikize mawu ndi chithunzi mosavuta. Pamalo aliponse jambulani mphindi imodzi anthu onse ali chete, kuti phokoso la malowo mudzatsekere mipata pa editing. Mvula ikamagwa pa malata, zolankhula zatha. Jambulani chithunzi, mawuwo mukatengenso tsiku lomwelo m'chipinda chotchinga ndi mabulangete.

Tolerani phokoso la tauni palokha: oitanira akukuwa za ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, belu la kabaza, kwaya ikuyeseza madzulo, agalu, chigayo. M'gawo loyamba mawuwa akhale ambiri ndiponso otalikirana. M'gawo lachitatu achepe, atsale apafupi okha: mpweya wake, phazi kuseri kwa mpanda, njinga yamoto yaima panja injini osazima. Panthawi yakuba yeniyeni tsitsani phokoso lonse la depoti, kenaka mulibweze mwadzidzidzi wina akakuwa kuti "Wakuba!"

Chilankhulo nachonso ndi chida. Mu Mzuzu mwana akhoza kuyankhula Chitumbuka ndi mayi ake, Chichewa cha mumsewu ndi anzake, Chingerezi kusukulu. Mayi akafunsa m'Chitumbuka kuti "Wafuma nkhu?" (wachokera kuti?) iye n'kuyankha m'Chichewa cha anzake aja, mwaonetsa mtunda umene wakula pakati pawo popanda wina kuufotokoza. Nyimbo za oimba ena musaike popanda chilolezo. Funsani mwini wake ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, kapena mupangane ndi wopanga ma beat wa m'dera lomwelo.

Pokonza mitundu ya chithunzi, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta ya DaVinci Resolve ndi yokwana. Yambani mwafananitsa khungu m'shoti zonse, kenaka muchepetse kufunda pang'onopang'ono kuchoka gawo loyamba kufika lachitatu. Mukapitiriza buluu, nkhope zimaoneka zotuwa ngati phulusa.

Osewera ndi chitetezo

City of God ya ku Brazil, ya mu 2002, inatenga achinyamata ambiri amene anali asanasewerepo filimu, ochokera m'madera osauka a Rio de Janeiro, n'kuwaphunzitsa kwa miyezi asanayambe kujambula. Njira imeneyi ingagwire kuno. Wosewera watsopano musamuloweze mawu. Muuzeni chimene akufuna m'scene ndi chimene akubisa, ayankhule mmene amayankhulira. Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pa malamulo a dziko lino, ndiye pakhale kalata yosainidwa ndi kholo, munthu wamkulu womuperekeza, ndipo m'botolo la mowa mukhale madzi kapena tiyi.

Musanajambule kuba, ndewu kapena chikwanje pagulu, kadziwitseni apolisi, khonsolo ya mzinda, komiti ya msika ndi mfumu ya dera, makalata muyende nawo. Yunifolomu ya apolisi siivalidwa popanda chilolezo. Drone nayo imafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege, makamaka poti bwalo la ndege la Mzuzu lili m'kati mwenimweni mwa tauni. Filimu ikatha iyenera kupita ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, isanaonetsedwe pagulu.

Mawu akuti "Wakuba!" musawakuwe pa depoti kapena mumsika ngakhale muli ndi makalata onse. Munthu amene wangotsika minibasi sadziwa kuti ndi sewero, ndipo khamu likanyamuka palibe dayirekita angaliimitse. Osewera angotsegula pakamwa popanda mawu, anthu anu anayi ovala ma reflector aime m'makona a njira yothawira, ndipo mfuuyo mukaijambule kwina, m'chipinda chotseka, mudzaiike pa editing.