Mabuku a ndale ndi konsitityushoni, poyambira mukalowa mu laibulale

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'choti nkhani imeneyi siikhala pa shelefu imodzi. Munthu amalowa mu laibulale, kufika pa 320, kupeza timabuku tingapo, basi n'kumaganiza kuti ndi omwewa. Ayi ndithu, theka lake lili kwina.

Ngati laibulale yanu imasanja mabuku ndi manambala a Dewey, 320 ndi za ndale, 321 ndi mitundu ya maboma ndipo demokalase ili pa 321.8, pomwe 323 ndi za ufulu wa anthu. Koma malamulo oyendetsera dziko, konsitityushoni ija, ili pa 342 kwa anzathu a zamalamulo, nthawi zina chipinda chinanso. Anthu oganiza mozama akale aja nawo amaponyedwa ku filosofi, Plato pa 184, Aristotle pa 185. Ngati nambala ya pamsana pa buku ikuyamba ndi zilembo osati manambala, nthawi zambiri ndiye kuti ndi kasanjidwe ka Library of Congress, pamenepo funani JC pa maganizo a ndale ndi K pa malamulo. Lembani zimenezi penapake, mungoyenda kamodzi.

Pa katalogi ya pa kompyuta musalembe funso lonse la asainimenti, sichituluka kanthu. Lembani mawu awiri atatu, ndipo poti makatalogi ambiri ali m'Chingerezi, yesani "separation of powers", "rule of law" kapena "social contract". Mukapeza buku limodzi labwino, tsegulani tsamba lake muone mitu imene alipatsa pansi paja, dinani umodzi, akubweretserani onse a mutu womwewo. Kenako pitani pa shelefu muyang'ane kumanja ndi kumanzere kwa bukulo, oyandikana nalo nthawi zambiri amakhala abwino kuposa limene munabwerera.

Tsopano apa ndi pamene ine ndimalimbikira, werengani eni ake. Anthu amathamangira mabuku ofotokoza zimene Hobbes ananena koma buku lake la 1651, Leviathan, sanaligwirepo, amatchula Montesquieu pa nkhani yogawa mphamvu za boma osatsegulako buku lake la 1748, The Spirit of the Laws. Simukufunika kumaliza lonse ayi. Ma Federalist Papers, nkhani zimene zinalembedwa poikira kumbuyo konsitityushoni ya United States, alipo 85, koma ngati nkhani yanu ndi yoti nthambi za boma ziziletsana, nambala 51 ya Madison ndi masamba ochepa chabe, ndipo 78 ya Hamilton ndi ya mphamvu za makhoti. Mabuku akale otere ambiri ali ulere pa Project Gutenberg, vuto lake n'loti omasuliridwa aja kumasulira kwake kumakhala kwakale, Chingerezi cholimba ngati mwala. La pa shelefu lokhala ndi mawu oyamba a mkonzi ndi manotsi ake limathandiza kwambiri. Ndipo mukaona timanambala m'mphepete mwa tsamba la Aristotle, monga 1252a pamene Politics imayambira, musatidumphe, timeneto ndi tofanana kaya buku anasindikiza ndani, ndiye potchula pamene mwatenga mfundo muzigwiritsa ntchito timeneto osati peji.

Konsitityushoni yeniyeniyo samalani nayo, imasinthidwa. Ya ku United States inalembedwa mu 1787 koma yasinthidwa ka 27, ndiye kope lakale la pa shelefu likhoza kukunamizani pa dziko lililonse, onani chaka chake kaye. Pa intaneti pali Constitute Project, mumasankha mutu, tinene malire a materemu a pulezidenti, n'kuika maiko awiri atatu pambalimbali kuona mmene aliyense analembera. Koma zolembedwa n'zina, mmene makhoti amazimasulira n'zinanso, ndiye funsaninso komwe amasunga ma law report, mabuku a zigamulo za makhoti.

Mutu ukakhala wachilendo kwa inu yambani ndi Stanford Encyclopedia of Philosophy, ndi yaulere, amalemba ndi akatswiri, ndipo kumapeto kwa nkhani iliyonse kuli mndandanda wa mabuku woti mungokopera n'kukasaka mu katalogi. Ma journal ali pa JSTOR, kapena HeinOnline ngati ndi a zamalamulo, koma lowani kudzera pa akaunti ya laibulale osati panokha, mwina akuuzani kuti mulipire chinthu choti laibulale inalipira kale. Pa Google Scholar dinani "cited by" muone amene anatsutsa kapena kuvomereza nkhaniyo pambuyo pake, mkangano umaonekera pamenepo.

Buku likasowa musagwe ulesi. Mwina aliika pa rizevu, ndiye kuti alisunga padera, poti kalasi yonse ikulifuna, mwina WorldCat, katalogi ya pa intaneti ya malaibulale ambiri, ikuonetsani laibulale ina imene ili nalo, ndipo malaibulale ambiri amabwerekana. Pitani kwa oyang'anira laibulale muli ndi dzina la wolemba, mutu ndi chaka papepala, osati kungofika n'kunena kuti ndikufuna buku la ndale, a ndalewo ndi mashelefu angapo.