Kupanga mapepala okongola a kolaji ndi marevista akale

Anzanga amene mumakonda zodula ndi kumata zithunzi, ma kolaji aja, tiyeni tikambeko za pepala lenilenilo, chifukwa ambirife timangodula revista n'kumata basi ndiye ntchito zathu zimatuluka zofanana zonse. Pali njira yosungunula tinta wa pa tsamba kuti chithunzi chisokonekere, mitundu iyenderere n'kulowana, pepala lituluke ngati kapulana yoti palibe wina ali nayo.

Ku America amagwiritsa ntchito Citra Solv, mankhwala otsukira m'nyumba opangidwa ndi mafuta a m'makoko a malalanje, amathira pa masamba a revista yotchedwa National Geographic. Ife kuno ku Tete tisavutike kusaka zimenezo, pitani ku loja ya penti ndi misomali mukafunse aguarrás kapena diluente, mankhwala osungunulira penti, kabotolo kakang'ono kakwana. Diluente ndi waukali, amadya tinta msanga komanso amauma msanga, aguarrás ndi wofatsa, amakupatsani mpata woti muone zomwe zikuchitika, ndiye woyamba kumene ndingamuuze kuti ayambe ndi ameneyu. Petulo ayi ndithu, musayese n'komwe.

Koma nkhani yaikulu ili pa pepala, osati pa mankhwala. Si revista iliyonse yomwe tinta wake amasungunuka. National Geographic imatheka chifukwa pepala lake ndi loterera, lokutidwa pamwamba, tinta amangokhala pamwambapo osalowa mkati, ndipo mtundu wa tinta wake umamvera mankhwalawa. Nyuzi ngati Notícias iwalani, pepala lake limamwa tinta, mungonyowetsa n'kutsala ndi fungo. Marevista ena owala bwino nawonso amakana, olo muthire theka la botolo chithunzi chili phee. Ndiye musanaononge mankhwala yesani kaye, nyowetsani kathonje, pakani pakona pa tsamba pomwe pali mtundu wakuda, dikirani pang'ono mupukute ndi chala chovala gulovu. Thonje likada ndipo pamalopo payera, revista imeneyo isungeni bwino. Likatuluka loyera isiyeni, muzidula mwa masiku onse. Marevista akale funsani kwa ogulitsa mabuku akale pamsika, kwa aphunzitsi, ku ma parishi, kapena amene amadutsa ku Zóbuè ndi ku Calómuè akakuonereni tsidya la Malawi.

Mukapeza yabwino yalani makatoni pansi panja pamthunzi. Sankhani masamba a zithunzi zodzaza mitundu, zakuda, zobiriwira, zofiira, thambo lausiku, nyanja, nkhalango. Masamba a malemba okhaokha sapereka kanthu, amangotuwa. Tsegulani revista, donthezani mankhwala pa tsamba kapena pakani ndi kabulashi kuti linyowe lonse koma osachita chithaphwi, tembenuzani, pakaninso, mpaka masamba 10 kapena 15, kenako tsekani n'kupsinja ndi manja kuti masamba oyang'anana apakane tinta. Apa ndi pomwe pali kukoma kwake, mukapotokola revista pang'ono mumapeza mizere, mukaika tsamba louma la mtengo, ulusi, kachidutswa ka neti ya udzudzu yakale kapena pepala lokwinya pakati pa masamba, chithunzi cha chinthucho chimatsalira pomwepo, timabowo ta neti tonse kuoneka bwinobwino.

Nthawi yodikira imatengera mankhwala ndi nyengo. A Citra Solv amadikira mphindi 10 mpaka 20, koma ndi diluente mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala, kutentha kukupitirira madigiri 40, mukachedwa mupeza masamba amatana zolimba, mukamakoka n'kumang'ambika. Ku Ulónguè kapena ku Tsangano nthawi yozizira mutha kudekha. Ine ndimati pakangopita mphindi zochepa suzumirani pakona, mukaona tinta wafewa, akunyezimira ndipo akutsetsereka, yambani kulekanitsa pang'onopang'ono. Tsamba lililonse ng'ambani muliyanike palokha, osasanjikiza, ikani timiyala m'makona mphepo ingalitenge, komanso pewani malo afumbi chifukwa tinta wonyowa amagwira chilichonse. Likadali lonyowa mutha kulembapo ndi kamtengo kapena kukanda ndi chipeso chakale. Lisiyeni panja tsiku limodzi kapena awiri kuti fungo lithe, kenako mulipsinje pansi pa mabuku liwongoke. Si onse atuluke okongola, ena amangoda bii, koma musawataye, amathandiza podula mapiri, mitengo ndi mithunzi.

Amene revista yasowa pali njira ina ya asetona wochotsera penti wa m'zikhadabo. Tengani fotokopi ya makina ogwiritsa ntchito tinta wa ufa, osati ya pulinta ya tinta wamadzi, iikeni chafufumimba pa pepala loyera lolimba, pakani asetona kumsana kwake ndi thonje malo ang'onoang'ono, n'kukhutiza ndi kumsana kwa supuni mwachangu asanaume. Chithunzi chimasamukira pa pepala linalo chotembenuka, ndiye ngati pali malemba adzawerengeka chobwerera.

Chonde abale, mankhwala onsewa amayaka moto ndipo nthunzi yake imapweteka mutu ndi m'chifuwa. Gwirani ntchito panja, kutali ndi mbaula, kandulo ndi osuta fodya, valani magulovu, ana ndi amayi oyembekezera asayandikire. Thirani mu kachitini kapena kagalasi chifukwa asetona ndi diluente amasungunula mapulasitiki ena, ndipo otsala musawasunge mu botolo la zakumwa, mwana angamwe poganiza kuti ndi madzi. Aphunzitsi ofuna kuchita izi ndi kalasi, konzani mapepalawo nokha kunyumba, ana muwabweretsere ouma kale.

Pomata gwiritsani kola woyera wa matabwa wosungunula ndi timadzi pang'ono, kapena phala lopyapyala la ufa wa chinangwa ngati ndalama zavuta. Pakani kumsana kwa chidutswa osati pamwamba, matani pa katoni yolimba, ikani pepala loyera pamwamba n'kusisita kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke.