Momwe mungasulire gulu lanu la zisudzo m'sabata imodzi ya tchuthi

Kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, magulu a zisudzo ndi ambiri: m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'makalabu a achinyamata. Ambiri mwa iwo ali ndi matenda amodzi. Pamakhala mnyamata mmodzi wodziwa kuseketsa, anzake onse n'kumangoima chilili kudikira kuti amalize. Anthu amaseka ndithu, koma mukawafunsa mawa lake kuti nkhani inali yotani, amangotchula chipewa chimene anavala. Sabata imodzi yoyeserera mwakathithi, m'mawa mpaka masana, ikhoza kusandutsa anthu oterewa kukhala gulu losewera pamodzi.

Yambani ndi nthawi ndi malo. Tchuthi cha Ogasiti ndiye chabwino kuno ku Kasungu: chimanga chalowa m'nyumba, mvula kulibe, ndipo nazale za fodya sizinayambe kumanga anthu miyendo. Tengani masiku 6, Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira 8 koloko mpaka 3 koloko. Anthu akhale pakati pa 8 ndi 12. Akapitirira apo ena amayamba kubisala kumbuyo kwa anzawo. Pemphani kalasi kwa ahedi kapena holo ya tchalitchi, mabenchi onse muwakankhire kukhoma. Ngati ndi ana asukulu, makolo adziwe ndipo mphunzitsi woyang'anira kalabu azikhalapo. Aliyense abweretse ufa ndi kandiwo, chifukwa munthu wanjala samva zimene mnzake akunena. Mafoni alowe m'thumba limodzi mpaka nthawi ya nsima.

Masiku awiri oyamba musagwire pepala la sewero. Ambiri adzadandaula kuti mukuwatayitsa nthawi, inu limbani mtima. Auzeni ayende m'chipindamo mosatsata mzere, kenaka aime onse nthawi imodzi popanda wolamula, ayambenso kuyenda popanda wolamula. Poyamba zimakanika ndipo pamakhala phwete, koma pofika masana amayamba kuonana ndi ngodya ya diso. Akatero aime awiriawiri moyang'anizana, wina azisuntha manja pang'onopang'ono, mnzake azitsanzira, mpaka woonera asadziwe amene akutsogolera.

Madzulo khalani mozungulira muyambe nthano. Wina anene "Padangokhala", onse avomere "Tili tonse", kenaka aliyense aziwonjezera chiganizo chimodzi chokha. Lamulo lake n'lakuti palibe kukana kapena kukonza zimene mnzako wanena. Akati kalulu wakwera kabaza, iwe pitiriza ali pa kabazapo. Apa m'pamene mudzadziwire amene amamvetsera ndi amene amangodikira mpata wake. Mawu yesererani panja: wina aime pagolo, anzake pakati pa bwalo la mpira, alankhule osakuwa, mpweya uchokere m'mimba osati pakhosi.

Lachitatu tengani gawo limodzi la sewero, losapitirira mphindi 5. Limodzi lokha. Tiyerekeze kuti bambo wagulitsa mabelo ake ku Chinkhoma, ndalama zalowa, koma kunyumba akunena kuti fodya sanagulidwe bwino. Pakhonde pali mkazi wake, apongozi ake aakazi, ndi malume a mkaziyo amene abwera kudzamva za fizi ya ana. Musanapatse aliyense mawu, funsani funso limene Konstantin Stanislavski, katswiri wa zisudzo wa ku Russia amene adayambitsa gulu la zisudzo la Moscow Art Theatre ndi mnzake mu 1898, ankalimbikira kwa ochita zisudzo ake: munthu uyu akufuna chiyani pakali pano, nanga chikumutchinga n'chiyani?

Yankho lisakhale lakuti "wakwiya" kapena "ndi wachisoni". Zimenezo siziseweredwa, zimangobala kukwinya nkhope ndi kumenya tebulo. Yankho likhale chochita. Bamboyo akufuna malume anyamuke nkhani ya ndalama isanafike patali. Malume akufuna mkamwini avomere yekha popanda kumuchititsa manyazi pamaso pa apongozi. Mkazi adaona kale kapepala ka ku banki m'thumba la jekete, ndipo akufuna mwamuna wake adziwe kuti iye akudziwa, koma osatulutsa mawu. Mudzaona kuti malume akangoti, "Akamwini, chaka chino mitengo akuti inali bwino, kapena ndinamva molakwa?" maso a aliyense pakhondepo ali ndi kopita.

Kenaka sewerani gawolo m'njira zingapo. Koyamba, ndi mawu awoawo, osaloweza. Kachiwiri, popanda mawu ngakhale amodzi, kuti muone ngati nkhaniyo ikuoneka m'kakhalidwe: ndani wakhala pampando, ndani pamphasa, mkamwini akupewa bwanji kuyang'anizana ndi apongozi. Kachitatu, sinthanitsani mbali, katswiri wanthabwala uja atenge mbali ya apongozi amene ali ndi chiganizo chimodzi m'gawo lonse. Pamenepa ena amanyanyala. Musamunyengerere pomubwezera mbali yake. Mufunseni kuti apongoziwo akumva chiyani nthawi yonse imene akusenda mtedza ali chete. Pokhapokha mukadutsa zonsezi m'pamene muwapatse mawu olembedwa kuti aloweze, Lachinayi.

Masukulu amene akukonzekera mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Chingerezi m'Malawi, kumene masewero amakhala a Chingerezi, achite chimodzimodzi: gawo liyambe laseweredwa m'Chichewa mpaka ana amvetse chimene akukanganirana. Mwana woloweza Chingerezi asanamve nkhani amangolakatula ngati ndakatulo, maso ali kudenga.

Lachisanu ndi la kaimidwe. Jambulani malire a siteji ndi choko kapena phulusa. Pa siteji ya m'holo musapatse oonera nkhongo pamene mukunena mawu ofunika, ndipo musaime mzere umodzi ngati pa asembule. Ngati mudzasewera pabwalo la mfumu, anthu atazungulira mbali zonse, zinthu zimasintha: pamafunika kusuntha pafupipafupi kuti mbali iliyonse ionepo nkhope. Yesererani kolowera ndi kotulukira, ndi amene adzanyamule mpando gawo likatha.

Pa nkhani yodzudzulana samalani. Gawo lili mkati, woimitsa ndi dayirekitala yekha, ndipo asamaimitse chiganizo chilichonse. Alembe zimene waona, anene pamapeto. Anzake akapatsidwa mpata anene zimene aona, monga "achimwene, pamene malume amafunsa munali mutayamba kale kuyankha", osati "simukutha". Dayirekitala asamasewerenso mbali ya munthu kuti amutsanzire, chifukwa mapeto ake anthu 10 onse amayenda ndi kulankhula ngati iye.

Loweruka itanani anthu ochepa, 15 kapena 20, osalipiritsa: makolo, aphunzitsi, amayi ogulitsa mandasi pageti. Musawafunse ngati sewero lawasangalatsa, poti mwaulemu wathu onse adzati linali bwino. Afunseni kuti mkazi uja amadziwa chiyani, adazindikira pati kuti bamboyo akunama, ndiponso ndani amene sanamumve bwino. Akalephera kuyankha za munthu wina, bwererani ku gawolo madzulo omwewo mukonze mbali imeneyo. Musanabalalike gwirizanani tsiku limodzi pa sabata lokumana sukulu ikatsegulidwa, ndipo musankhiretu gawo lachiwiri ndi anthu amene adzalisewere.