Momwe mungagwiritsire ntchito AI pokonza pulani ya bizinesi ya zaka zitatu

Mapulogalamu a AI (a pakompyuta kapena pafoni amene amayankha mafunso ngati munthu) monga ChatGPT, yomwe inatuluka mu Novembala 2022, komanso Gemini ndi Claude, angathandize mwini shopu wa ku Luwinga, ku Katoto kapena mumsika wa Zigwagwa mumzinda wa Mzuzu kukonza pulani ya zaka zitatu popanda kulemba ganyu katswiri. Zomwe ndifotokoze pano ndi njira imene ndimatsata pa shopu yanga ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo foni yamakono ndi bandulo ya intaneti n'zokwanira.

Yambani ndi pulogalamu yaulere. ChatGPT yolipira imafuna madola mwezi uliwonse, ndalama zomwe sizipezeka mophweka masiku ano, ndipo yaulereyo imagwira bwinobwino ntchito imeneyi. Chenjerani ndi anthu amene amatsatsa maakaunti otchipa m'magulu a WhatsApp, chifukwa kawirikawiri akaunti imodzi amaigulitsa kwa anthu angapo, moti zimene mwalemba zokhudza bizinesi yanu zikhoza kuwerengedwa ndi amene mukulimbirana naye makasitomala.

Kenako tsegulani kope lanu la malonda ndipo mulembe zimene munagulitsa mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu, pamodzi ndi lendi, malipiro a antchito, thiransipoti, msonkho wa ku MRA, laisensi ya kukhonsolo ndi ngongole ya kubanki m'khonde ngati muli nayo. Mayina ndi manambala a foni a anthu amene anakukongolani katundu musawaikemo. Ngati mungathe, lembani m'Chingerezi chosavuta, popeza mapulogalamuwa amachimva bwino kuposa Chichewa ndi Chitumbuka.

Musanapemphe pulani, ifotokozereni AI nyengo za malonda a kuno. Iuzeni kuti malata ndi simenti zimayenda malonda alimi a ku Rumphi ndi ku Mzimba akagulitsa fodya, kuti mu Januwale ndi Febuluwale anthu amakhala atathera ndalama ku feteleza ndi fizi, ndiponso kuti mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, zimene zimachedwetsa omanga. Mukapanda kutero, ikhoza kungogawa malonda a chaka mofanana m'miyezi yonse 12.

Gawo lofunika kulisamala kwambiri ndi la mtengo wopikulira katundu, ndipo apa ndi pamene pulani yanga yoyamba inagwera. AI ikapatsidwa mtengo umene munagulira ndi umene mukugulitsira, imachotsera n'kukuuzani kuti chotsalacho ndi phindu, ngati kuti mukabwerera kukapikula ku Kyela kapena ku Kariakoo m'dziko la Tanzania mukapeza katundu pa mtengo womwe uja. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Tiyerekeze kuti loko munaigula K10,000 n'kuigulitsa K13,000. Papepala mwapindula K3,000, koma ngati kupikula ina kukufuna K14,400, ndiye kuti mpamba wanu wachepa ngakhale kuti ndalama za m'dirowa zikuoneka zambiri. Ine ndinazindikira zimenezi mashelefu a penti ndi maloko atayamba kuoneka mipata, pamene pulaniyo inkanena kuti ndatsala pang'ono kutsegula shopu yachiwiri.

Choncho iuzeni AI momveka bwino kuti phindu iziliwerengera potengera mtengo wa lero wobwezeretsera katundu pashelefu. Ipatseni mtengo weniweni umene mumagulira mashilingi a ku Tanzania, osati umene yaupeza yokha, chifukwa wa kubanki ndi umene amalonda amakumana nawo pachipata cha Songwe zimasiyana kutali. Ikatero, ipempheni ikonze mapulani atatu: imodzi kwacha itakhazikika, ina itagwa ndi 25 peresenti, ina itagwa ndi 44 peresenti. Pa iliyonse ifunseni kuti ndi mwezi uti umene ndalama zingakuthereni, ndiponso kuti ndi katundu uti amene angasungidwe nthawi yaitali osawonongeka. Malata ndi misomali zimadikira, pomwe simenti imagwira chinyontho n'kuuma m'matumba nyengo ya mvula ndi nkhungu ya kuno. Masamu ake muwabwereze nokha pa kakyuleta, popeza nthawi zina imaphonya kuwonkhetsa koma n'kuyankha molimba mtima, ndipo ikatchula mitengo ya msonkho kapena chiwongoladzanja cha kubanki, kafunseni ku ofesi zoyenera musanazikhulupirire.

Zotsalazo n'zachidule. Ipempheni itsutse pulani yanuyo ngati mmene angachitire woona za ngongole kubanki, ndipo muyankhe mafunso ake. Kenako igawe zolinga za zaka zitatuzo m'miyezi itatuitatu, ziikidwe patebulo lomwe mungatsegule mu Excel kapena Google Sheets. Mukafuna kusindikiza, pitani ndi pulani yanu yomaliza kale, chifukwa ena mwa amene amalemba mapulani a bizinesi m'mashopu osindikizira mapepala amangofunsa ChatGPT yomweyo n'kukulipiritsani. Pakatha miyezi itatu iliyonse, kapena mitengo ya mafuta a galimoto ikangosintha, lowetsaninso manambala atsopano ndi kuiuza iwerengenso.