Chigubu chakutha musataye, tiyeni tisewere nacho kaye

Awa ndi masewera ozoloweretsa mutu kupezera zinthu zakale ntchito zatsopano. Yambani ndi chinthu chimene chili pafupi nanu pompano, olo chigubu cha mafuta ophikira chija chakhala kuseri kwa khitchini chiyambire chaka chatha. Chiikeni patsogolo panu, tengani pepala ndi bolopeni, mutchere alamu ya pafoni mphindi zitatu, nde muzilemba ntchito iliyonse imene chigubucho chingagwire kupatula kusungiramo mafuta. Osasankha ayi, zopusa zomwe lembani. Zoyamba zimabwera mothamanga, kutungira madzi, kusungiramo mbewu, kudzalamo maluwa, mpondagiya wa pachimbudzi, kenako mutu umangoti zii ndipo apa mpamene ambiri amaponya bolopeni pansi nkumati basi zatha. Zoyambazo munaziwona kale kwa aneba, sizanu. Zanuzanu zimatuluka mukavutika kaye pang'ono, nde khalani pompo mpaka alamu ilire.

Masewerawa siachilendo, katswiri wa zamaganizo wa ku America J. P. Guilford ankayesa nawo anthu mu 1967, amangowafunsa kuti njerwa imodzi mungaigwiritse ntchito zingati. Ndipo samangowerenga kuchuluka kwa mayankho, amaonanso ngati mayankhowo ndi osiyanadi mitundu. Ndiye inunso mukamaliza yang'anani pepala lanulo, ngati mwalemba kusungiramo madzi, kusungiramo thobwa, kusungiramo parafini, limenelo ndi ganizo limodzi langosintha malaya katatu. Chigubucho chiduleni pakati, chiboleni pansi, chitembenuzeni, chikolekeni mumtengo, chiponyeni padamu muone ngati chimira.

Vuto lenileni ndi loti chinthu tikangochizolowera pa ntchito imodzi maso amatseka. Katswiri wina wa zamaganizo, Karl Duncker wa ku Germany, anaonetsa zimenezi ndi kandulo. Amawapatsa anthu kandulo, machesi ndi kabokosi kodzadza ndi timisomali, nkuwauza kuti imikani kanduloyu pakhoma koma phula lisadonthere patebulo. Ambiri amalimbana nkukhomera kanduloyo kukhoma kapena kumumata ndi phula lomwelo, pomwe yankho linali kukhuthula timisomali, kukhomera kabokosiko pakhoma nkuimikamo kandulo. Chodabwitsa, akawapatsa kabokosi kali kopanda kanthu timisomali tili pambali, ambiri amapeza yankho msanga. Kabokosi kali kodzadza amangokaona ngati chosungira misomali basi.

Nde masewero achiwiri ndi amenewa ndipo ine ndimawakonda kuposa onse. Tengani chinthu muchifotokoze osatchula ntchito yake, muzingonena mmene chilili. Chubu chakutha cha njinga mwachitsanzo, lembani kuti ndi mphira, imatamuka nkubwerera, siilowa madzi, siipititsa magetsi, imadulika ndi lezala, ndi yakuda ndiye imatentha msanga padzuwa. Kenako pa mzere uliwonse mudzifunse kuti ndi pati pamene ndimafuna chinthu chotamuka, ndi pati pamene madzi amandivutitsa. A kabaza anayamba kale, malegeni amene amamangira matumba a chimanga pakaliya aja anachokera pomwepa, koma pitirirani pamenepo, mahinjesi a chitseko cha khola la nkhuku, wasala wa pampopi wodontha, chogwirira pa mpini wa khasu kuti matuza achepe.

Ife a ku Kasungu sitikusowa chitsanzo. William Kamkwamba wa kwa Wimbe anasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 fizi itasowa, nde ali ndi zaka 14 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Zipangizo zake taonani, fani ya thirakitala, fulemu ya njinga, dayinamo, mapaipi a pulasitiki amene amawawotcha pamoto nkuwaphwatalalitsa kuti akhale mapiko, nsanja ya mitengo ya bulugama. Wina aliyense akaona paipi amaona podutsa madzi, iye anaona pulasitiki yopepuka yoti ikafewa imapindika mmene ukufunira. Anthu ankati wapenga poona akutoleza zinyalala, koma pofika 2007 anali akuyankhula pa msonkhano waukulu wogawana maganizo atsopano wotchedwa TED ku Arusha ku Tanzania. Inunso akusekani ndithu, zolowerani.

Masewero ena osavuta ndi okwatitsa zinthu. Lembani mayina a zinthu zapakhomo pa timapepala, lichero, sipoko, botolo, thumba la feteleza, mbiya, chitsononkho, mchenga, muponye mchipewa nkutola awiri osayang'ana, ndipo lamulo ndi loti ziwirizo zipange chinthu chimodzi zifune zisafune. Zambiri zimatuluka zoseketsa basi, palibe vuto, tolaninso. Koma tiyerekeze mwatola mbiya ndi mchenga. Mphunzitsi wina wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, anatchuka m'zaka za m'ma 1990 pofalitsa kafiliji kopanda magetsi, mbiya yaying'ono mkati mwa yayikulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Madzi akamauma kudzera mudongo la mbiya yakunjayo amatenga kutentha nkupita nako ndiye zamkati zimazizira. Kapena mwatola botolo ndi lata, makaniko wa ku Brazil Alfredo Moser mu 2002 anadzadza botolo ndi madzi, kuthiramo jiki pang'ono kuti musamere ndere, kulilowetsa pabowo la denga nkumata bwino, masana mnyumba mumawala ngati mwayatsa babu. Usiku ndiye ayi, musadzandinene.

Mukhozanso kuyambira pa chinthu chimene chimakunyansani. Chisoso chikakumatirirani pa thalauza pochokera kumunda mumangotukwana nkumathothola, eti? George de Mestral wa ku Switzerland mu 1941 zofanana nazo zinamumatirira iye ndi galu wake, iye anaziika pa maikulosikopu nkuona timbedza ting'onoting'ono, mpamene panachokera Velcro, zomata za pa nsapato za ana zija. Ndiye yendani pakhomo panu madzulo amodzi mukulemba zonse zimene zimakutopetsani, kutonola chimanga mpaka zala kutupa, makoko a mtedza ongowunjikika kuseri, nkhuku kugubuduza madzi awo, utsi wa kukhitchini, kenako mubwerere ku pepala la chigubu ndi la chubu lija muone ngati pali zina zikugwirizana.

Mukamachita pagulu, kaya ndi kalabu ya achinyamata kaya amayi a banki mkhonde akamaliza zowerengera ndalama, pali lamulo limodzi la Alex Osborn, mkulu wa zotsatsa malonda ku New York amene anatchukitsa njira yosonkhanitsa maganizo pagulu, loti nthawi yotulutsa maganizo palibe kutsutsana, zoweruza zibwere pambuyo. Koma kwathu kuno onjezanipo china. Aliyense ayambe walemba payekha mwakachetechete musanayambe kuyankhula, chifukwa akangoyamba achimwene aakulu kapena a tcheyamani kunena lawo, achichepere onse amangoti eya nzoona bambo, ndiye mwana wa Sitandade 6 amene anali ndi ganizo labwino kuposa onse amangokhala duu. Ndipo ana amenewa musawachepetse, munthu wopanga galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhotadi komanso mpira wa chikulunga ndi majumbo otola mumsewu masewerawa amawadziwa kale kuposa ife.

Chimodzi chokha ndikuchondelereni, zigubu ndi mabotolo a mankhwala a fodya kapena a mbewu zisalowe nawo mmasewerawa, olo mutsuke bwanji musaikemo madzi akumwa kapena chakudya, ndipo mawaya a ESCOM si oyeserera.

Pamapeto sankhani ganizo limodzi lokha, loti mutha kuliyesa sabata yomweyo osagula kanthu, ndipo muliyese mofananitsa kuti musadzinamize. Ngati ndi mbiya zija, tengani tomato wa mulu umodzi mumugawe pawiri, wina mumbiya wina mubeseni pamthunzi womwewo, muzithira madzi mumchenga mmawa ndi madzulo nkumalemba tsiku limene aliyense wayamba kufewa. Yesani mu Okutobala kukuwomba kamphepo kouma, chifukwa nthawi ya dzinja mpweya umakhala wachinyontho ndiye madzi sauma msanga ndipo mbiyayo siizizira kwenikweni.