Mmene mungakonzere mtsutso woti dziko lituluke mu COMESA kapena likhalemo

Likulu la COMESA, mgwirizano wa malonda wa mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, lili mu Lusaka momwe muno, mumsewu wa Ben Bella. Komabe anyezi wakunja akagwetsa mitengo ku Soweto Market, sipalephera kupezeka wina wonena kuti migwirizano yamalondayi ikupha alimi athu, ndi bwino kungotulukamo. Funsoli ndi loyenera mtsutso wa kusukulu, kukoleji, muholo ya tchalitchi kapena pawailesi. Koma mukapanda kulikonza bwino, pakangopita mphindi khumi anthu amakhala akukangana za zipani, nkhani yamalonda itaiwalika.

Yambani ndi mawu a mutu. Musalembe kuti "Kodi COMESA ndi yabwino?" chifukwa aliyense adzayankha zake ndipo sadzakumana paliponse. Musalembenso funso loyankha kuti inde kapena ayi, poti mbali ya "inde" imakhala yayamba kale kupambana. Ku Britain, funso la riferendamu ya pa 23 June 2016 poyamba linali lotero, koma bungwe lawo loona zachisankho linalangiza kuti njira zonse ziwiri zitchulidwe: kukhalabe mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa European Union (EU) kapena kutulukamo. Inunso lembani kuti: "Zambia ikhalebe mu COMESA kapena ituluke?" Tchulani bungwe limodzi lokha. Zambia ili mu COMESA, ili mu SADC (bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa), ilinso mu mgwirizano wa malonda wa Africa yonse wa AfCFTA. Mukasakaniza atatuwa, olankhula adzathawira uku akapanikizidwa uko.

Kutatsala sabata imodzi, perekani kwa mbali zonse pepala limodzi la mfundo zosakanika. Likhale tsamba limodzi basi. Lembanipo kuti COMESA inayamba mu 1994 kulowa m'malo mwa mgwirizano wakale wa malonda wotchedwa PTA, kuti ili ndi mayiko 21, ndiponso kuti malonda opanda msonkho wa pachipata anayamba pa 31 October 2000. Lembaninso kuti kutuluka n'kotheka: dziko limapereka chidziwitso cholembedwa cha chaka chimodzi. Mozambique ndi Lesotho anatuluka mu 1997, Tanzania mu 2000, Namibia mu 2004. Onsewa anali ndi kogwira, popeza anali mu SADC. Mbali ya "tituluke" ikuyenera kudziwa zimenezi chifukwa ndi chida chake champhamvu. Mbali ya "tikhalebe" izidziwenso kuti isamaopseze anthu ngati palibe amene anatulukapo n'kupulumuka.

Papepala lomwelo onetsani kuti ndi mnansi uti ali m'bungwe liti. Malawi, Zimbabwe ndi DR Congo ali konsekonse. Tanzania, Mozambique, Botswana ndi Namibia ali mu SADC mokha, ndiye katundu wa mayikowa wodutsa pa Nakonde kapena pa mlatho wa Kazungula sadalira COMESA pa nkhani ya msonkho. Kenya, Uganda, Rwanda ndi Egypt ali mu COMESA koma osati mu SADC. Wophunzira amene wagwira mfundo imeneyi amaona yekha kuti kutuluka kungakhudze kwambiri malonda ndi Nairobi ndi Cairo kusiyana ndi a Lilongwe.

Mbali ya "tituluke" muiuze pasadakhale kuti iyenera kunena chimene chidzalowe m'malo. Apa ndi pamene Britain inapunthwa. Anthu 51.9 pa 100 alionse anavotera kutuluka, koma pepala lovotera silinanene mtundu wa kutulukako. Ena ankafuna kukhalabe mumsika umodzi wa Ulaya ngati Norway, ena pangano lamalonda lokha ngati Canada, ena kuchoka popanda pangano lililonse. M'mawa mwake nduna yaikulu David Cameron analengeza kuti atula pansi udindo. Theresa May, amene analowa m'malo mwake, anapereka kalata yotulukira pa 29 March 2017, nyumba ya malamulo inakana pangano lake katatu, nayenso anatula pansi. Dzikolo linatuluka pa 31 January 2020, ndipo pangano lamalonda linamalizidwa pa 24 December chaka chomwecho, kutatsala sabata imodzi kuti malamulo akale athe ntchito. Choncho wolankhula woyamba wa mbali ya "tituluke" anene m'mphindi ziwiri zoyambirira: tikatuluka tidzadalira SADC, AfCFTA, kapena mapangano a dziko ndi dziko? Akazemba, wapampando amubwezere pa funsolo.

Kutuluka kulinso ndi bilu yake. Zili ngati chilimba: sungachoke utalandira ndalama za anzako usanamalize kuponya. Britain inavomera kulipira zimene inalonjeza kale, zomwe panthawiyo anaziyerekeza pafupifupi mapaundi 39 biliyoni.

Nthawi igaweni motere pa mtsutso wa mphindi 90. Wapampando atsegule ndi kuvotetsa koyamba, mphindi 8. Olankhula anayi, awiri mbali iliyonse, mphindi 7 aliyense. Kenako mphindi 15 za mayeso a katundu. Mafunso a omvera mphindi 25, munthu aliyense osapyola mphindi imodzi. Mbali iliyonse itseke ndi mphindi 3, zotsalazo n'zovota kachiwiri. Wosunga nthawi akhale munthu wina, osati wapampando, akhale ndi khadi lachikasu la mphindi imodzi yotsala ndi lofiira lotseka pakamwa.

Mayeso a katundu ndiwo mtima wa mtsutso wonse, ndipo ambiri amawadumpha. Sankhani katundu mmodzi ndi chipata chimodzi, mwachitsanzo mayi wa ku Chawama amene akubweretsa matumba a mtedza kuchokera ku Mchinji kudzera pa Mwami. Mbali iliyonse iyende naye kuyambira pogula mpaka pomwe akutsitsa mu Lusaka, inene pepala lililonse ndi ndalama iliyonse imene alipire. Lero pali ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, yotchedwa STR: katundu wosapyola madola 2,000, amene ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, amadutsa ndi mapepala osavuta, popanda msonkho wa kasitomu ndiponso popanda kulemba ejenti. Koma STR sichotsa VAT pa katundu amene amalipira VAT, sichotsanso zilolezo za unduna wa zaulimi pa mbewu ndi ziweto. Wonena kuti "COMESA ndi malonda aulere basi" agwidwe pamenepa. Wonena kuti "tikatuluka palibe chisinthe" afunsidwe kuti mayiyu adzalemba fomu iti. Galimoto imene yanyamula matumbawo ikhoza kukhala ndi Yellow Card, inshuwalansi imodzi yogwira ntchito m'mayiko angapo. Mbali ya "tituluke" inene ngati dalaivala adzagule ina pachipata chilichonse. Yankho lilipo ndithu, chifukwa Tanzania inatuluka mu COMESA koma Yellow Card imagwirabe ntchito kumeneko, koma alipeze okha.

Mukatha kupeza wamalonda weniweni wodutsa malire kapena ejenti wa pa Chirundu, mukhazikeni kutsogolo ngati mboni. Asakhale mbali iliyonse, angonena ngati zimene zanenedwazo ndi mmene zimakhalira pachipata.

Manambala ndi amene amawononga mitsutso yambiri. Ikani lamulo loti nambala iliyonse iperekedwe kwa wapampando kutatsala masiku awiri, pamodzi ndi komwe yachokera ndi chaka chake. Ku Britain basi yofiira ya mbali yofuna kutuluka inalembedwa kuti dzikolo limatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse. Nambalayo sinachotsere ndalama imene Britain inkakhululukidwa, ndiponso zimene zinkabwerera kwa alimi ndi madera osauka. Bungwe la boma loona za ziwerengero linanena kuti ikusocheretsa anthu. Mbali inayo nayo inali ndi zake: unduna wa zachuma unalosera kuti chuma chigwa nthawi yomweyo anthu akangovotera kutuluka, ndipo sizinachitike choncho, ngakhale paundi inagwa kwambiri. Funso la wapampando likhale limodzimodzi kwa onse: ndalama imeneyi ndi musanachotse zobwerera kapena mutachotsa? Izi zachitika kale kapena mukulosera?

Chenjerani ndi kutengera mfundo za Brexit, kutuluka kwa Britain mu EU, osaziyesa. EU ili ndi msonkho umodzi pa katundu wochokera kunja, nyumba ya malamulo yake, ndi ufulu woti nzika zigwire ntchito m'dziko lililonse. COMESA sinafike pamenepo. Zambia imaikabe msonkho wake pa katundu wa ku China, imapereka yokha zilolezo zogwirira ntchito, ndipo chilala cha 2024 chitagwa inaletsa kugulitsa chimanga kunja ili membala. Wolankhula akati "tibweze ufulu wathu," mufunseni kuti atchule lamulo limodzi limene boma likulephera kukhazikitsa chifukwa cha COMESA.

Nkhani ikayamba kulowera ku anthu ochokera kunja, iduleni msanga. Mu April 2016 mashopu a anthu a ku Rwanda anaphwanyidwa m'makomboni a Lusaka chifukwa cha mphekesera. Nenani poyamba pomwe kuti wotukwana mtundu wa anthu alandidwa maikolofoni. Zovala ndi nyimbo za chipani zitsale panja, ndipo ngati msonkhano uli pabwalo loyera dziwitsani apolisi nthawi ikadalipo.

Povota gwiritsani timapepala, osati kukweza manja, chifukwa ophunzira amayang'ana kaye dzanja la aphunzitsi. Voti yoyamba ikhale ndi mayankho atatu: tituluke, tikhalebe, sindinasankhe. Yachiwiri ikhale ndi awiri okha. Wopambana ndi amene wakoka anthu ambiri, osati amene ali ndi mavoti ambiri pomaliza. Pa anthu 60, ngati poyamba 20 anati tituluke, 30 tikhalebe, 10 sanasankhe, ndipo pomaliza zakhala 27 kwa 33, mbali ya "tituluke" yapambana chifukwa yawonjezera 7 pamene inayo yawonjezera 3. Lengezani lamuloli mtsutso usanayambe, ndipo zotsatira za voti yoyamba muzisunge mu envulopu yomata mpaka mutawerenga yachiwiri.